Malume a pa foni amene amakana kupita ku tenti

Mtsikanayo analankhula bwino, palibe akanamutsutsa. Ananena kuti matenda a kolera amatha madzi m'thupi mofulumira, kuti munthu amene wadzuka bwinobwino m'mawa akhoza kutisiya dzuwa lisanalowe, kuti ku chipatala cha boma salipiritsa. Zonsezo n'zoona, ndipo anazinena mwaulemu. Mnzake amene ankalemba mawuwo pa foni anatumiza, tonse n'kukhala chete kudikira. Yankho litabwera, bambo wachikulire amene tinawapatsa ntchito yowerenga anakweza mawu:

"Mwamaliza, adokotala? Mwanayu ndi wa mlongo wanga. Mwini mbumba ndine. Ku tenti kwanuko sapita."

M'holomo munali a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka ochokera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima, ena a ku Chipoka, ena a ku Senga Bay, ena a ku Lifuwu. Ntchito yanga ndi kuwathandiza pa kalankhulidwe ndi anthu nthawi ya miliri. Amene ankakana uja sanali munthu. Inali AI, pulogalamu ya pa kompyuta imene imayankha ngati munthu ukailembera mawu, imene ndinailembera khalidwe la msodzi wa ku dooko, ndipo ophunzira anangoyamba okha kumutchula kuti Malume. Zimene zinachitika m'holomo pambuyo pa yankho limeneli ndi zimene zandilembetsa nkhaniyi.

Masewero athu a masiku onse

Aliyense amene anakhalapo pa maphunziro a zaumoyo akuidziwa nthawi ija mphunzitsi amati, "Awiri abwere kutsogolo, wina akhale mlangizi, wina akhale mayi wa m'mudzi." Njirayi ndi yakale. Mu 1963 dokotala wina wa ku America, Howard Barrows, anayamba kuphunzitsa anthu abwinobwino kuti azichita ngati odwala pamaso pa ophunzira ake, ndipo chimene ankafuna kwambiri n'chakuti wodwala wongoyesererayo azichita chimodzimodzi kwa wophunzira aliyense. Pamenepa ndi pamene ife timagwa.

Wosewera mayi wa m'mudzi amakhala mnzathu wa ku ntchito. Akakana kamodzi, kawiri, holo imaseka, iyenso amaseka, kenako amavomera kuti sewero lithe. Wosewera mlangizi akakhala wamkulu pa udindo, wamng'onoyo sangamukanire nthawi yaitali, ulemu sumulola. Ndiye aliyense amabwerera kwawo atagonjetsa munthu amene anali wokonzeka kale kugonja.

Mliri wa kolera unatisonyeza kuti pakhonde la munthu zinthu siziyenda choncho. Unayambira ku Machinga mu Marichi 2022, unafika m'maboma onse, unagwira anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Awa ndi matenda oti odwala akalandira madzi msanga, omwalira safika ngakhale mmodzi pa anthu 100 alionse, koma kwathu kuno anali pafupifupi atatu pa 100. Zifukwa zilipo zambiri: mtunda, mayendedwe, kuchepa kwa zipangizo. Chimene ine ndinachiona ndi maso anga ndi kuchedwa pakhonde, wa zaumoyo ataimirira, banja likukana, wodwala akutha madzi m'nyumba. Zimandipweteka kwambiri ndikakumbukira kuti ntchito ya a zaumoyo inakula ndi kolera yemweyu. M'zaka za m'ma 1970 boma linalemba anthu othandiza pa kolera, ndipo ntchito yawo ndi imene inadzasanduka ya alangizi a zaumoyo tili nawo lerowa. Zaka zonsezi tawaphunzitsa bwino za tizilombo, za kolorini, za zimbudzi. Zokumana ndi munthu amene wanena kuti ayi ndipo akutanthauzadi kuti ayi, aliyense amaziphunzira yekha tsiku limene zamugwera.

ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ife tili mkati mwa mliri, ndipo panalibe amene anali ndi mpata woimva. Ndinadzayamba kuganiza za mapulogalamu amenewa mliri utatha, pofunafuna wosewera amene sachita manyazi ndipo satopa.

Kulemba Malume

Kungouza AI kuti "khala msodzi wokana chipatala" sikuthandiza. Mapulogalamu awa, kaya ndi ChatGPT, Claude kapena Gemini, anaphunzitsidwa kukhala ofatsa ndi othandiza. Ukawasiya okha, msodzi wako amakana kamodzi mwaulemu, ukamufotokozera za tizilombo amakuthokoza, n'kunyamula mwana. Msodzi wotere ku dooko kulibe. Ntchito yonse ili m'malangizo amene umalembera pulogalamuyo sewero lisanayambe, ndipo zolemba m'malangizomo sizichokera m'mutu mwa mphunzitsi.

Ndinapita kwa bambo aja amene anadzakhala owerenga athu. Ndi a zaumoyo akale, anayenda m'madooko nthawi yonse ya mliri. Tinakhala pakhonde pawo madzulo ena, ine ndi kope, iwo akukumbukira. Ndinawafunsa kuti anthu ankanena chiyani kwenikweni, mawu ake enieni. Anandipatsa ambiri. "Madzi a m'nyanja tamwa chibadwire." "Ku tenti munthu amapita ndi miyendo yake, amabwera m'pepala." "Jakisoni wanuyo ndiye akupha anthu." "Kolorini akununkha, tiyi sakumweka." Kenako anati, "Aphunzitsi, izi ndi zimene munthu amanena mokweza. Pansi pake pamakhala china, ndipo chimenecho sanena kwa munthu amene wabwera kudzamulalikira." Anandiuza chinacho. Ndinachilemba m'malangizo, ndipo tinagwirizana kuti ophunzira asachidziwe.

Malume ndinawapatsa moyo wawo wonse. Ndi bambo wa zaka za m'ma 50, Msilamu, ali ndi bwato limodzi ndi gawo pa ukonde wa chilimira. Mwera wawomba masiku angapo, usipa sunaphedwe, ndalama ya kabaza m'nyumba mulibe. Wodwala ndi mnyamata wa zaka 14, mwana wa mlongo wawo, amene amapita nawo pa nyanja usiku kukasamala nyali. Wayamba kutsegula m'mimba m'bandakucha, chimbudzi chake chili ngati madzi otsukira mpunga, wasanza, koma akumwabe madzi. Mayi ake akufuna kupita naye kuchipatala, koma sangatuluke pakhomo mwini mbumba asanalole. Zinthu zazing'onozi ndi zofunika, chifukwa AI ukapanda kuiuza imadzipekera zake, ndipo zopeka zake zimakhala za dziko lina.

Kenako ndinalemba zimene zimawatseka ndi zimene zimawatsegula. Wophunzira akangolalikira osafunsa funso, Malume ayankhe mwachidule, mozizira kuposa poyamba. Akawaopseza ndi mfumu kapena apolisi, anyamuke, anene kuti akukasoka ukonde. Akawalonjeza kuti mwanayo samwalira, afunse kuti, "Mukulumbira?" Asavomere chifukwa chomva mfundo zachipatala, ngakhale zikhale zolondola bwanji. Chinsinsi chawo asachitulutse pokhapokha wina atawafunsa modekha za zimene zinawachitikira kale. Ndinaonjezanso kuti asatuluke m'sewero, asapereke uphungu wa mankhwala, ndipo aziyankha ndi ziganizo zochepa, chifukwa pulogalamuyi imakonda kulankhula zambiri, pamene munthu wokwiya salankhula zambiri.

Dzina la munthu weniweni, la mudzi kapena la chipatala sindinaikemo. Zimene umalemba m'mapulogalamu amenewa zimakasungidwa pa makompyuta a kunja, ndipo kuyambira mu 2024 dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu. Ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, chisoni cha banja la eni si chinthu chotumiza pa intaneti. Nkhani ya Malume ndi yosakaniza za mabanja ambiri, kotero kuti palibe angaloze kuti ndi ya uje.

Funso limene anafunsa

Tibwerere m'holo muja. Mtsikana uja, amene anali atangoyamba kumene ntchito, anayesanso. Anabwereza za madzi a m'thupi, mawu akukwera pang'ono. Malume anati, "Ndamva." Anati akapanda kulola akauza amfumu. Foni inayankha, bambo aja n'kuwerenga: "Kauzeni. Ine ndikukasoka ukonde." Ena m'holomo anayamba kung'ung'udza kuti makinawa ndi ouma mutu, wina anati asinthane naye. Ine sindinalowererepo. Mtsikanayo anaima osalankhula kwa kanthawi, kenako anachita chinthu chimene palibe anamuuza. Anakhala pansi pa simenti, pafupi ndi mpando wa owerenga aja, monga mmene akanakhalira pakhonde la munthu wamkulu.

"Malume, pepani, ndalankhula kwambiri. Ku tenti kuja munayamba mwapitako?"

"Ndinapitako."

"Munaperekeza ndani?"

Yankho linachedwa pang'ono chifukwa cha netiweki. Litafika, bambo aja anayamba kuwerenga: "Mng'ono wanga. Ndinamunyamula ndekha pa njinga. M'mawa mwake anandiuza kuti watisiya. Sitinamusambitse, sitinamuveke sanda. Anamuika anthu ovala mapepala, ife tili chapatali..."

Anasiyira pomwepo. Anaika foni pa tebulo. Tonse tinkaganiza kuti mawu asokonekera pa foni, monga zimachitikira nthawi zina. Koma analankhula ndi mawu awoawo, osati a Malume.

"Anthu ovala mapepalawo, mmodzi wa iwo ndinali ine."

Anafotokoza osathamanga. Anati masiku amenewo maliro ankabwera motsatizana, iwo atanyamula pampu ya kolorini kumsana, atatopa, akuopa kutenga matenda n'kupita nawo kwa ana awo. Tsiku lina mayi wina anawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti aone nkhope ya mwana wake asanatseke. Iwo anakana. Anati panthawiyo ankaona kuti akuteteza mayiyo, ndipo mwina ankamutetezadi, koma kuyambira tsiku limenelo palibe banja la m'mudzi umenewo linabweretsanso wodwala nthawi yabwino. Ankabwera nawo atatheratu, kapena osabwera nawo konse. "Anthu sankaopa jakisoni," anatero. "Ankaopa kuikidwa ngati munthu wopanda abale."

Ine nkhaniyi ndinali nditaimva pakhonde paja, koma anandiuza ngati za mabanja ena. Zoti iwowo anali mbali inayo ya manda sanandiuze. Anzawo amene agwira nawo ntchito zaka zambiri nawonso anali asanamvepo. Pa maphunziro onse amene takhala tikuchita chithere mliri, panalibe mpata woti munthu anene zoterezi, chifukwa timafunsana ziwerengero ndi malipoti. Zinatengera kuti mawu awo omwe awabwerere kuchokera pa foni, m'kamwa mwa munthu wina, kuti awanene pagulu.

Atapuma, anatenganso foni ija n'kuuza mtsikanayo kuti, "Pitirizani, mwanangu. Malume akukudikirani."

Iye anayamba ndi kupepesa maliro, monga timachitira, ndipo sanathamangire kunena zina. Kenako anati, "Malume, sindingakulonjezeni za mawa. Koma mwanayu akumwabe, ndiye nthawi yake ndi ino. Ndisungunule Thanzi pompano, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimwa pang'onopang'ono m'njira. Inuyo mupite naye limodzi, mukhale pafupi, muziona zonse zimene akumuchita. Ndipo zitavuta, ineyo ndikaitana ashehe ndi kukapempha kuti abale mukhalepo."

Yankho la Malume linali lalifupi: "Nanga kabaza alipira ndani?"

Holo yonse inapumira m'mwamba. Aliyense amene wagwirapo ntchito m'mudzi akudziwa kuti munthu wamkulu sanena kuti "ndavomera". Akayamba kufunsa za kabaza, ulendo wayambika.

Zimene zinasintha

Kuyambira tsiku limenelo sindilembanso munthu wa m'sewero ndekha. Ndimayamba ndakhala pansi ndi amene anakanidwapo, n'kuwafunsa mawu amene anamva, kenako chimene akuganiza kuti chinali pansi pa mawuwo. AI sinkadziwa kalikonse za sanda, za mwini mbumba kapena za mwera mpaka titaiuza. Chimene inabweretsa ndi china: inatha kukana osaseka, inasunga chinsinsi mpaka funso loyenera litafunsidwa, ndipo inachita chimodzimodzi kwa wophunzira wotsatira. Mnzathu wa ku ntchito zimenezi sangazithe, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa ndi munthu ndipo amatimvera chisoni.

Chinandidabwitsa ndi mmene achinyamata anamasukira. Madzulo, maphunziro atatha, ankakhala awiriawiri ndi foni imodzi kumayesanso. Pamaso pa akuluakulu awo amaopa kulephera, koma Malume ukawalephera sakakunena kwa aliyense. Wina anayesa kuyamba ndi moni wautali ndi kufunsa za nyanja, wina anayamba ndi kulankhula ndi mayi ake a mwanayo, ndipo ankafananitsa okha zimene zatuluka.

Kuwerenga mokweza tinakusiya m'manja mwa munthu. Poyamba chinali chifukwa chosowa pogwira, popeza mawu a Chichewa otuluka m'makina sanafike pomveka ngati a munthu wa kuno, komanso kulemba kumadya bandulo yochepa kusiyana ndi kulankhula. Tsopano ndikuona kuti ndi mbali ya njirayo. Wophunzira amayang'ana nkhope ya munthu, osati galasi la foni, ndipo wowerengayo amakonza pomwepo pamene makina apunthwa.

Amapunthwadi. Mapulogalamuwa anaphunzira kuchokera ku zolembedwa za pa intaneti, zambiri za Chingerezi, ndipo za Chichewa n'zochepa kwambiri. Nthawi zina Malume amanena kuti "Ndikumvetsa nkhawa zanu," chiganizo chimene msodzi aliyense sangachinene. Nthawi zina amasakaniza ndi Chinyanja cha ku Lusaka, kapena kupeka mawu oti kulibe. Chimene chathandiza ndi kuika m'malangizo ziganizo zenizeni zimene a zaumoyo akale anamva, n'kuiuza kuti izilankhula motero. Sewero likatalika imayambanso kufewa n'kuiwala malangizo, choncho ndi bwino kulidula n'kuyamba lina.

Kuunika mmene wophunzira wachitira sindinakupereke kwa AI. Ukaifunsa, imayamikira aliyense. Timatenga zokambirana zonse zimene zalembedwa pa foni, n'kuziwerenga pamodzi ndi akuluakulu, n'kumaima pa chiganizo chilichonse chimene chinatseka kapena kutsegula Malume. Za mankhwala, za kasungunulidwe ka kolorini, za nthawi yotumiza wodwala kuchipatala, zimenezo timatenga m'mabuku a Unduna wa Zaumoyo basi.

Pali anthu amene akamva za ntchitoyi amafulumira kufunsa ngati tingaiike m'foni ya wa zaumoyo aliyense kuti maphunziro a m'holo achepe. Ndikumvetsa chifukwa chake, maphunziro amadya ndalama, ndipo cholinga choti wa zaumoyo mmodzi azisamala anthu 1,000 sichinakwaniritsidwe m'madera ambiri. Koma ine ndimakana. Mtsikana uja akanakhala yekha ndi foni, akanapeza funso loyenera, inde, koma sakanamva zimene bambo aja ananena, ndipo iwowo akanapitiriza kuzisenza okha.

Malume amene savomera

Bambo aja ndi amene anabweretsa nkhani yovuta kwambiri. Anati sewero lathu lili ndi bodza limodzi: limaphunzitsa kuti ukafunsa bwino, munthu amavomera. Ku dooko si nthawi zonse. Pali tsiku limene umachita zonse molondola, wakhala pansi, wapepesa, wamvetsera, koma mwini mbumba n'kunenabe kuti ayi.

Ena mwa aphunzitsi anzanga sanagwirizane nazo. Anati wophunzira watsopano ukamupatsa sewero loti sangapambane, umamufooketsa. Tinakambirana kwa nthawi yaitali, ndipo ine ndinatsatira maganizo a bambo aja. Tsopano malangizo a Malume alipo a mitundu iwiri, ndipo wophunzira sadziwa kuti wapatsidwa uti. M'mtundu wachiwiri Malume amatsegula mtima, amanena za mng'ono wawo, amathokoza, koma amakanabe. Chimene timayang'ana pamenepo ndi zimene wa zaumoyo achite asanachoke pakhomopo. Kodi wasungunula Thanzi n'kuonetsa mayi ake kamwetsedwe? Wasiya kolorini wa madzi akumwa ndi wotsukira pamene wodwala wadetsa? Wawauza zizindikiro zoti zinthu zafika poipa, maso kulowa mkati, khungu kusabwerera ukalitsina, kulephera kumwa? Wafunsa kuti ndani amene Malume amawamvera, kaya ndi ashehe, kaya ndi mkulu wa pa dooko, n'kupita kukamutenga? Wanena nthawi yeniyeni imene abwerenso tsiku lomwelo, ndipo wachoka osatseka khomo ndi mawu aukali?

Ophunzira ambiri amalephera koyamba pa mtundu umenewu. Amakhumudwa, amatsanzika, n'kumapita osasiya kalikonse. Ndi pamene kukambirana kumatentha kwambiri, chifukwa akuluakulu ambiri m'holomo amakumbukira khomo limene nawonso anachokapo chomwecho.

Panopa tikulemba munthu wachiwiri, mayi wa mpingo wina woletsa mankhwala amene akubisa ana ake pa katemera wa poliyo. Chiyambire pamene mwana anapezeka ndi poliyo ku Lilongwe mu 2022, a zaumoyo akhala akuyenda khomo ndi khomo kangapo, ndipo makomo otere akuwadziwa bwino. Mawu amene mayiyu amanena mokweza tawapeza kale ambiri. Chimene chili pansi pake sitinachipeze, chifukwa a zaumoyo amene ndakambirana nawo akunena zosiyana, ndipo onse akulankhula ngati anthu akunja kwa mpingowo. Mayi wina wongodzipereka wa ku Chipoka anakulira mu mpingo wotere asanatulukemo, ndipo wavomera kuti tikacheze naye mwezi wamawa. Wapempha kuti tisabwere ndi foni pa ulendo woyambawo, ndipo kuti zimene tilembe adzayambe waziwerenga iye zisanalowe m'malangizo.